Zaka za Yamikani

Lachitatu lapitali, Tiyamike, mwana wa malemu mlongo wanga, anafika kunyumba kuno ku Chilomoni nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Ndinadabwa. Sukulu imene wangoyamba m'tauni, yophunzitsa kulemba mapulogalamu a kompyuta, ndi ya miyezi itatu yokha, choncho sanyengerera: kulowa m'mawa, kuweruka dzuwa litapendeka. Ili linali tsiku lake lachitatu chabe.

Anaika chikwama cha laputopu pampando, n'kukakhala pakhonde.

"Zavuta kale?" ndinamufunsa.

Anandifotokozera pang'onopang'ono. Mphunzitsi anawapatsa ntchito yoyeserera: aliyense alembe kapulogalamu kosunga mayina a abale ake a bere limodzi ndi zaka zawo, kenako kompyuta itchule wamkulu ndi wamng'ono. Tiyamike analemba dzina lake ndi zaka zake. Analemba la mlongo wake, Yamikani. Atafika pa zaka, anaima.

Yamikani anali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene matope a namondwe wa Freddy anakokolola nyumba yawo ku Chilobwe. Mayi awo tinawapeza, tinawaika m'manda. Yamikani sanapezeke mpaka lero.

Ndiye akanalemba zaka ziti? Zimene anali nazo tsiku lija, kapena zimene akanakhala nazo lero? Anangosiya malowo opanda kanthu. Kompyuta inakana, n'kutulutsa zilembo zofiira. Mphunzitsi, mnyamata waulemu ndithu amene sankadziwa chilichonse za nkhaniyi, anasuzumira nati: "Asisi, apa pakufunika nambala. Ngati zaka zake mulibe, ingomufufutani munthuyu, pulogalamu iyenda."

Tiyamike anatseka laputopu n'kutuluka.

Tsono imvani zimene ndinayankha ine, malume wake, munthu wa imvi. Ndinati: "Limba mtima, mwanawe. Zinapita zija. Usataye mwayi chifukwa cha zimenezi."

Iye anandiyankha kuti:

"Amalume, chibwerere ine m'nyumba muno, simunatchulepo dzina lake. Amayi mumawatchula. Yamikani ayi."

Zinali zoona. Mlongo wanga ali ndi manda, timakalambulako, ndipo pomutchula timadziwa kuti tiyambe ndi mawu akuti malemu. Nanga mwana uja? Kunena kuti malemu, lilime limalemera. Kumutchula ngati wamoyo, mtima umakana. Choncho ndinasankha kukhala chete, n'kumadzinamiza kuti ndikuteteza Tiyamike.

Sindili ndekha, abale. Timati maliro n'kulirana, ndipo pa zimenezo sitilephera: timagona pasiwa, timaimba, timanyamula bokosi. Koma tikangosesa, timafuna wofedwa achire msanga kuti ife tipume. Akayamba kukamba za womwalirayo, timamudula ndi vesi. Akagwetsa misozi mu minibasi, timayang'ana kuwindo. Nanga amene sanaike m'bale wawo m'manda n'komwe, amene akamva kuti kwinakwake afukula mafupa mtima umagunda, timawapatsa mpata uti? Tikuyenda nawo ku Soche, tikugula tomato pabenchi pawo, ena akhala pafupi ndi ana athu m'kalasi.

Mawa lake Tiyamike anavala n'kunyamuka ndisanamuuze kanthu. Madzulo anandiuza kuti anakafotokozera mphunzitsi uja pambali. Mnyamatayo akuti anagwira pakamwa, n'kupepesa kangapo. Kenako anakoka mpando, n'kumuonetsa zimene amayenera kudzaphunzira sabata yamawa: kuti pali njira youzira kompyuta kuti chinthu sichikudziwika, ndipo pulogalamu imayenda osafufuta aliyense.

Ananditsegulira laputopu kuti ndione. Mayina awiri, limodzi pamwamba pa linzake. Ndinawerenga lachiwirilo mokweza. Kenako ndinamuuza za tsiku limene Yamikani anandibera magalasi n'kumayenda nawo pabwalo akuyerekeza kayendedwe kanga. Tiyamike anaseka, kenako analira, ine n'kulira naye. Aka kanali koyamba kumulira limodzi Yamikani.

Maphunziro akupitirira, ndipo akuti ndi owawa. Sindikudziwa ngati adzamaliza ali patsogolo kapena kumbuyo. Koma akupita.

Inu amene mukuwerenga, m'nyumba mwanumo muli dzina limene aliyense amalilambalala. Mukakhala chete choncho, mukuteteza ndani: wofedwayo, kapena inu eni?