Mzere wa a Nachisale

Mukafunsa za Everlyn Chimutu m'midzi ya pakati pa Mitundu ndi Nathenje, anthu angokuyang'anani. Nenani kuti a Nachisale azaumoyo, ngakhale mwana akulozerani nyumba. Zaka makumi awiri ndi zitatu mayi ameneyu anali mlangizi wa zaumoyo: kupalasa njinga m'matope, kukoleka sikelo panthambi ya mkuyu, kuyeza ana, kubaya katemera. Ena mwa ana amene anawabayawo lero ali ndi ndevu.

Chinkawawawa mtima ndi mvula. Ikagwa tsiku la sikelo, amayi ankathawira m'makonde a eni, makanda akulira, mabuku a ana atanyoweratu. Makalata opempha kanyumba ka sikelo analemba mpaka dzanja kutopa. Yankho linali limodzimodzi: tikuganizirani.

Ndiye amayi omwewo ndi amene anayambitsa. "A Nachisale, bwanji muimire ukhansala? Mukakalowa kukhonsoloko, kanyumba kathu kamangidwa. Voti yathu musakayike."

Amuna awo, a Davide, anapukusa mutu. "Mayi, wogwira ntchito m'boma saima pandale asanatule pansi udindo. Nanga mukagwa?"

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, bambo," anayankha. "Kutumikira anthu si jakisoni yekha. Wina ayenera kukakhala kumene amagawa zitukuko." Analemba kalata, nasiya ntchito.

Chisankho chachipulula cha chipani chinachitikira pabwalo la sukulu. Paja chimenechi si cha mapepala: opikisana amaimirira kutsogolo atawamanga nsalu kumaso, ovota n'kundanda kumbuyo kwa munthu amene akumufuna, dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuona mnzake. Wopikisana nawo anali a George, mwini chigayo ndi lole. Sanali munthu woipa ayi. Lole yawoyo ndiyo inkanyamula maliro kuchokera kuchipatala, ndipo nthawi ya njala theka la mudzi linkapeza ganyu m'munda mwawo.

Ali mumdima wa nsalu ija, a Nachisale ankamva mapazi, phokoso, makanda kulira. Mtima unali m'malo. Atawamasula anacheuka. Kalanga ine! Anthu asanu ndi anayi basi, wachisanu ndi chinayi ali a Davide. Amayi a kusikelo onse anali mumzere wa a George, ana kumsana, maso pansi. Patsogolo penipeni panali Lilian, amene anatsogolera zowapempha kuti aime.

A Nachisale sanatukwane munthu. Anamvetsa. Ndani angaime poyera kukana mwini lole, pamene maliro sapangana tsiku? Koma kumvetsa sikuchotsa ululu. Anagwira a George chanza, napita kwawo, nalira ngati wafedwa.

Ntchito ya boma ukasiya wasiya. A Nachisale anayamba kulima tomato kudimba, ndipo wolowa m'malo mwawo sanabwere msanga.

Patapita milungu itatu, masana ena akusankha mbewu pakhonde, anamva odi wamantha. Anali Lilian, mwana ali lefu kumsana.

"Adokotala, ndabwera ndi manyazi. Mwanayu watentha thupi kuyambira dzulo, akukana kuyamwa."

A Nachisale anamugwira mwanayo pamphumi, namutsegula chikope. Malungo, ndipo aakulu. Anathamangira m'nyumba mwa chizolowezi, nangoima kakasi pakona: bokosi la mankhwala anali atabweza kuofesi tsiku limene anatula pansi udindo.

Anatuluka manja ali lende.

"Mwana wanga, ndilibe ngakhale panado. Udokotala ndinasiya muja munandiuza."

Lilian anagwada pansi, kulira kosatonthozeka.

"Dzuka, misozi sichiza malungo. Ndipatse kuno."

Anamubereka okha mwanayo, namanga nsalu zolimba, nauyamba wapansi wa kuchipatala ku Nathenje, ulendo wa maola awiri. Tomato sanathiriridwe tsiku limenelo.