Mfuti ya a Twaibu

Chaka chomwe thonje linandigwiritsa fuwa la moto, ndinauza Patuma kuti ndikupita ku Joni, andidikire. Tinali tisanakwatirane, koma makolo ankadziwa. Iye anangoti ndipite, bola ndisakabwere ndi dzino lagolide.

Ku Joni ndinapeza yaulonda. Atatiphunzitsa anatipatsa mfuti ya m'manja yachitsulo chokhachokha, yolemera moti buluku linkatsetsereka mbali imodzi. Tsiku loyamba kuwombera chipepala kumalo ophunzirira, inandikankha dzanja mpaka ndinadziluma lilime. Kenako kampani inabweretsa mtundu womwewo koma watsopano, chogwirira chake chapulasitiki, yopepuka, yokhazikika bwino m'manja. Iyi simenya dzanja kwenikweni, imangodzutsa mphuno pang'ono n'kubwerera pomwe ukuloza. Ndinaikonda, ndisaname.

Koma kusungulumwa kunandipweteka. Tsiku lonse pageti, popanda wokufunsa kuti wadzuka bwanji. Ndiye ndinayamba kudzijambula ndi mfutiyo, nkhope nditaikwinya, n'kumatumizira Patuma. Iye anaonetsa mng'ono wake, mng'onoyo anaonetsa anzake pamjigo, ndipo posakhalitsa kwathu ku Ngokwe aliyense anadziwa kuti ine Imedi ndasanduka chigawenga. Kwathu ukagwira mfuti usali wa boma, ndiwe wakuba basi. Uthenga unandipeza kuti a Twaibu, amalume ake a Patuma, akana: mwana wa mlongo wawo sangakwatiwe ndi mbava. Ndinakwera basi sabata yomweyo, mtima uli m'mwamba.

Wakabaza yemwe anandinyamula pa Ntaja sanacheuke njira yonse, ndipo titafika anathawa ndisanamulipire.

A Twaibu anandilandira pakhonde, ankhoswe anga ali pambali. A Twaibuwo nawonso anagwirapo yaulonda kumigodi ya ku Joni ine ndisanabadwe, ndipo mudzi wonse umawadziwa ndi nkhani zawo za kumeneko. Mapepala anga a ntchito sanafune n'kuwaona komwe. Anati mlonda weniweni amadziwika ndi kagwiridwe. Anaitanitsa chinangwa chiwiri, china n'kundipatsa ine kuti ikhale mfuti.

Ndinaimirira, miyendo nditatangadza, n'kugwira ndi manja awiri, kuonetsa mmene yatsopano imadumphira pang'ono. Iwo anagwira ndi dzanja limodzi, anafuula kuti phuu, n'kudzandira chambuyo mpaka anagwetsa mpando, kofia n'kugubuduka kupita pabwalo.

"Mfuti ndi imeneyo," anatero akupuma wefuwefu. "Zanu zapulasitikizi n'zidole. Kapena ukutsutsa?"

Ine zonse ziwiri ndinaziwomberapo, ndipo ndinkadziwa kuti yatsopano ikuposa yakale kutalitali. Mawu anafika pakhosi. Koma ankhoswe anandiponda chala, ndipo kuseri kwa nkhokwe ndinaona mpango wa Patuma. Ndinakumbuka kuti ndikakwatira, ndidzamanga nyumba pamudzi pomwepa, pamalo ondilozera iwowa.

"Iyayi amalume, yakale ija ndiye inali mfuti. Yatsopanoyi anapangira ife ofooka."

Anatembenukira ankhoswe n'kunena kuti mwanayu si wakuba, chifukwa wakuba akanakangana nawo. Tsiku la ukwati linakambidwa pomwepo, tikutafuna mfuti zathu zija.

Pondiperekeza, titatsala awiri m'njira ya kumunda, a Twaibu anandigwira mkono. Anayang'ana uku ndi uku, kenako anafunsa chapansipansi ngati yakaleyo imakankhadi chonchija.

"Ine zaka zonse zija anandipatsa chibonga," anatero. "Mfutiyo ndinkangoiona m'chiuno mwa kapitawo."

Ndinafuna kuseka, koma chinandigwira ndi chisoni. Ndinaganiza za madala awa ali mnyamata, ataima pageti la eni ake ngati ine, kwawo kukudikira nkhani yoti akanyadire. Nanenso sindinauzepo munthu kuti zomwe ndinawombera ku Joni ndi mapepala okhaokha. Ndinazindikira kuti aliyense wa kwathu wobwera kumeneko ali ndi nkhani yake, ndipo anzake amamusungira.

"Imakankha ndendende mmene munachitira muja, amalume," ndinatero.

Anapumira m'mwamba, n'kukonza kofia.

"Ndimadziwa ine," anatero.