Bango la Munthu Wamoyo

Fungo la mkungudza wopala kumene limandibweretsera agogo anga aamuna, ndipo fungolo sindilikonda ngakhale pang'ono. Ndikangolimva ndimawaona atawerama pa benchi lawo pansi pa mtengo wa mango, kutsinde kwa phiri la Soche, kumene inu a masiku ano mumati ku Manja koma nthawi imeneyo kunali minda ndi tinyumba taudzu, sowo ikulira, utuchi utamatirira ku ndevu, pensulo ili kukhutu. Ukalipentala anauphunzira ku mishoni azungu atangofika kumene, ndipo m'dera lonselo wokhoma mabokosi amaliro anali iwo okha. Munthu akamwalira, abale ankadula bango, kuliyeza pa mtembo kuchokera kumutu mpaka kuchidendene, n'kubwera nalo. Agogo ankalilandira ndi manja awiri ngati akulandira mwini wake.

Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi kunabwera bango la bambo anga. Ankanyamula mabelo a fodya ku Limbe, ndipo tsiku lina atakangana ndi mnzawo wa pantchito, dzina lake Jailosi, iyeyo anawamenya ndi chitsulo m'mutu. Agogo anakhoma bokosi la mwana wawo osalira, osadya, ndipo ku mlandu sanapiteko. Woweruza wa boma anati Jailosi anyongedwe. Ine ndinakondwa, ndisakunamizeni. Ndinakavina kuseri kwa nkhokwe.

Patapita milungu ingapo, m'mawa wina panafika mayi wachikulire, mapazi ali mbuu, atagwira bango. Anagwada patali ndi benchi.

"Ndine mayi ake a Jailosi," anatero. "Akamunyonga mkucha. Akuti amene alibe bokosi amangomukulunga m'bulangete la kundende n'kumuponya m'dzenje. Dzulo anandilola kukamuona, ndiye ndinamuyeza ataima."

Agogo aakazi, amene ankapeta mphale pakhonde, anaponya lichero pansi. "Mayi inu, manyazi mulibe? Wapha mnzake, afe basi! Mukufuna akagone mu mkungudza ngati bwana? Wathu ali kumanda chifukwa cha ndani?"

Agogo aamuna anayang'ana bangolo nthawi yaitali, manja ali kumbuyo. "Chiyambire ntchito ino," anatero, "bango la munthu amene akupuma sindinaligwirepo."

Tsiku limenelo pakhomo sipanakhalike. Agogo aamuna ankatenga thabwa, kulisiya, kupita kumunda, kubwerera osalima, kukhala pansi, kudzambatukanso, mayi uja ali chigwadire pomwepo. Ine ndinkawatsatira ndi maso, mtima ukuti akane, akane.

"Ndikakhoma, ndiye kuti ndagwira nawo chingwe," ankauza agogo aakazi. "Ndikakana, munthu atayidwa ngati galu. Akanyongedwa, wathu adzuka?"

"Sadzuka, koma ine ndigona tulo!"

"Gonani. Mlandu aweruza a boma. Koma mtembo ulibe mlandu, ndipo mayi uyu sanaphe munthu."

Dzuwa litapendeka anatambasula manja onse awiri n'kulandira bangolo. Anamuuza mayiyo kuti adzatenge bokosi mawa, anatsamiritsa bangolo ku mtengo wa mango, n'kupita kukasankha matabwa kuseri kwa nyumba.

Apa ndi pamene ndinachita zanga. Ndinanyamula bango lija, kulithyolako kachidutswa kotalika ngati chikhato changa, kupaka dothi pothyokapo kuti pasaoneke poyera, n'kulibwezera pamalo pake. Mumtima ndinati afinyike, amve kuwawa ngakhale kumandako. Agogo anali asanamuonepo Jailosi, sankadziwa kuti ndi wamtali bwanji. Anakhoma motsata bango, anapala bwinobwino ngati mmene anapalira la bambo anga, ndipo m'mawa mwake achibale a mayiyo analisenza.

Patapita masiku atatu mayi uja anabweranso. Sanakalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa.

"Ndabwera kudzathokoza, bambo," anatero. "Linachepa. Asikali anachita kumupinda mawondo ndi kumupondereza kuti chivundikiro chitseke. Ndamva, mwabwezera. Sindikudandaula."

Atachoka, agogo anatenga bango lija, anatsuka nsonga yake ndi madzi a m'chikho, ndipo pothyoka paja panaoneka poyera. Anandiyang'ana. Ndinadikira mbama, ndinadikira chikoti, koma ayi ndithu.

"Esinati," anatero chapansipansi, "chingwe chinali cha boma. Mawondo aja ndi athu."

Nkhani inawanda mpaka ku Limbe. Ena ankawayamikira agogo, amvekere akulu aja ndi ochenjera, anamulanga mwakachetechete. Kutchalitchi, kumene anali mkulu wa mpingo, anthu ankanong'onezana akamadutsa. Sanatsutse, sanatchule dzina langa kwa munthu, ngakhale kwa agogo aakazi. Koma bokosi lamaliro sanakhomenso. Anthu akabwera ndi bango ankawalozera kwina, iwo n'kumapanga zitseko ndi timipando mpaka tsiku lawo linakwana. Anamwalira akudziwika kuti ndi munthu amene anafupikitsa bokosi la mdani wake.

Lero ndakalamba kuposa mmene iwo analili. Adzukulu anga akamakangana zoti wopha mnzake aziphedwa kapena ayi, amandifunsa maganizo anga, ndipo ndimawauza zoona: sindikudziwa. Masiku ena ndikakumbukira mutu wa bambo anga ndimati Jailosi anayenera chingwe chija, masiku ena ndimaona mapazi a mayi ake. Chimene ndikudziwa n'chakuti munthu anali atalipira kale ndi moyo wake wonse, ine n'kuwonjezapo changa. Ndikadzuka m'mawa n'kupeza kuti ndagona chopinda miyendo, ndimaiwongola msangamsanga.

Ana anga ndawauza kale kuti tsiku langa likadzafika asadzavutike ndi tepi. Adzadule bango, adzandiyeze, kenako adzathyoleko chikhato chimodzi. Amangoseka, amati amayi ayamba kusokonezeka ndi ukalamba.