Dalaivala wa Maliro Safulumira

Bambo a nyumba yapakona anapuma kalekale pantchito yoyendetsa galimoto ya maliro, koma phazi lawo silinamve uthengawo. Mpaka lero amayendetsa ngati kumbuyo kuli bokosi. Mahutala akalira, iwo amangoti, "Othamangawo ndawanyamula ambiri." Mwana wawo wamkazi, yemwe amakhala nawo kutsogolo, amayenda mtima uli m'mwamba.

Tsiku lina magalimoto anandandalikana kumbuyo kwawo ngati ulendo wa kumanda. Minibasi ina inatopa, inawapitirira pakona penipeni, ndipo inangotsala pang'ono kuwombana ndi lole. Wapolisi wapamsewu anaimitsa bambowo.

"Bambo, lamulo limaletsanso kuchedwetsa anzanu pamsewu," anatero wapolisiyo. "Anthu aja akanafa, inu mukanagona tulo? Lero ndangokuchenjezani. Onani chikwangwanicho, muzitsatira liwiro lake."

Bambowo anagwedeza mutu n'kuliza injini. Mwana wawo anawayang'ana. Anangoona maso awo akupenyetsetsa chikwangwani chachikulu chomwe chinali pamphuno pawo penipeni.

"Mwana wanga," ananong'ona bambowo, "pamenepo palembedwa chiyani? Maso angawa akungoona chifunga."