Mayi Amene Sanena Kuti "Palibe"

Mumsewu wina mumzinda wa Bacolod muli mayi achikulire amene anapuma ntchito ya mu labu ya chipatala, komwe ankaunika tinyama todulidwa kwa odwala. Kupumako n'kwa dzina chabe. Aliyense akalandira pepala la zotsatira amathamangira pakhonde pawo, iwo n'kuwerenga, kufotokoza, mwinanso kuperekeza, osalandira ngakhale nthochi. Onse amawaitana mwaulemu kuti Manang, kutanthauza achemwali aakulu.

Vuto lawo n'limodzi: mawu akuti "palibe" satuluka pakamwa pawo. Ukawafunsa ngati mu mpunga muli miyala, amati, "M'kapu yomwe ndasankhayi sindinaipeze."

Tsiku lina Delfin, woyendetsa njinga yamoto yahayala, anafika akuvina, pepala la zotsatira lili m'manja. Mkazi wake Luzviminda ankamva mutu, nsagwada zikuwawa potafuna, ndipo madokotala anali atamupatsa mapiritsi n'kumudula kachidutswa ka mtsempha wa magazi pafupi ndi khutu kuti aone ngati watupa.

"Manang, alemba kuti mtsempha sunatupe! Mapiritsi aja tikutaya lero."

Mayiwo anasuzumira papepalapo. "Kachidutswa kochepa ngati chikhadabo? Delfin, iwe unakulira m'munda wa nzimbe. Ukalawa mfundo imodzi yotsekemera, umalumbira kuti nzimbe yonse ilibe mbozi? Nthenda yotupitsa mtsemphayi imagwira pena n'kulumpha pena. Akasiya mankhwala dokotala asananene, maso akhoza kufa."

"Koma Manang, ndagula kale nkhumba yootcha ya chikondwerero!"

"Nkhumbayo tidya. Koma mkazako ayambe wameza piritsi."

M'mawa mwake anatenga ambulera yawo n'kuperekeza banjalo kuchipatala, ndipo dokotala anati mankhwala apitirire. Mpaka lero Luzviminda akulowetsabe yekha ulusi pa singano.