Khitchini ya Kunsi kwa Nyumba

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 tinkakhala kutsidya kwa nyanja, m'tauni ya Ilford, m'fulati ya lendi pamwamba pa shopu ya nsapato. Amuna anga ankaphunzira zojambula mapulani a nyumba, ndipo ankalemba za moyo wa mmisiri wina wa ku Amereka wa zaka za m'ma 1800. Iwo ankabwera kuchokera ku laibulale ndi mapepala olemba pamanja, ine n'kumawataipira patebulo lodyera.

Motero mmisiriyo ndinamudziwa bwino. Anayamba ukalipentala kwa bambo ake, kujambula anadziphunzitsa yekha, kenako anamanga matchalitchi, makhoti ndi nyumba zikuluzikulu za anthu olemera. Atakalamba maso anasiya kuona, moti ankangofotokoza, mwana wake wamkazi n'kumajambula. Tsamba limenelo ndinalitaipa misozi ili chuchuchu, amuna anga akundiseka.

Loweruka lina amuna anga anayala pulani ya nyumba imene ankaikonda koposa, akundionetsa khonde ndi zipilala.

"Nanga khitchini ili pati?" ndinafunsa.

"Apa, kunsi kwa nyumba."

"Windo lake?"

"Ndi kameneka."

"Ndiye mukuti munthuyu anali wanzeru? Ophikawo ankakwera masitepe angati atanyamula mbale zotentha?"

Anayamba kuwerenga ndi chala, n'kulekeza panjira. "Mayi, zimenezo sizikukhudza nkhani yanga."

"Chabwino. Mutaipe nokha."

Tsiku limenelo ndinaona kuti ndawakhumudwitsa, poti mzungu wakufayo ankamutenga ngati malume awo enieni.

Patapita sabata anatsika basi akumwetulira, mapepala atakwapatira m'khwapa. Anali atapeza mapulani a nyumba zomalizira za mmisiriyo. Khitchini inali itakwera pamwamba, pafupi ndi chipinda chodyera, mawindo awiri aakulu akuyang'ana kumunda wa maluwa.

"Mwaona? Anasintha!"

Ndinayang'anitsitsa. "Anasintha ndi iyeyo, kapena mwana wake uja?"

Anakhala pansi osavula n'komwe jekete, n'kuseka mpaka kutsokomola. Yankho sitinalipeze, koma anawonjezera mutu wathunthu wonena za makhitchini, ndipo ndinautaipa mosanyinyirika.

Atamaliza sukulu analembedwa ntchito yojambula mafulati a khonsolo. Zaka zonse za m'ma 1980, pulani iliyonse inkayamba yafika kwa ine isanapite kwa abwana awo. Ankaima pambali, manja kumbuyo, kudikira kuti ndinene. Zina ndinkazivomereza, koma zambiri ndinkawabwezera kuti akakonze.