Botolo la Mgiriki ndi Malaya Anga Oyera

Anansi anga, nkhani iyi sindinachite kumva kwa munthu, inandigwera ine mwini, ndipo chipsera cha luzi chidakalipo pamkono wangawu kwa amene akufuna kuchiona. Sinditchula dzina la munthu aliyense, pakuti ena anagona kale, ndipo amene ndikadakonda kumutchula dzina lake sindinalidziwe n'komwe.

Inali nthawi ya nkhondo ya Ajeremani, ine ndili kalaliki panyumba ina yosungiramo katundu ku Ndola. Ndinachokera kwathu ku Nyasalande ndekha, mkazi wanga ndinamusiya kumudzi poti nyumba ya banja anali asanandipatse, ndipo anzanga ogona nawo onse anali olankhula Chibemba, anthu abwino ndithu, koma akayamba kuseka nthabwala zawo ine ndinkangosekerera ngati wamva pamene sindinamve. Kodi munakhalapo pakati pa anthu ambiri koma mtima uli ngati uli m'thengo? Ndiye ndinagula njinga yakapalasa, yakale koma yolimba, ndipo ndikapeza tsiku lopuma ndinkavala malaya anga oyera n'kutuluka m'tauni. Masiku amenewo petulo anali wosowa, moti msewu unali wanga ndekha: umatha kupalasa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa paliwombo osakumana ndi galimoto, ungomva tcheni kulira ndi njiwa m'mitengo ya misuku.

Tsiku lina la m'chilimwe, mvula isanagwe, ndinadutsa ku Bwana Mkubwa, kumene mgodi unali utatsekedwa, n'kutsata kanjira kolowera kuzitunda. Kumeneko ndi kukwera ndi kutsika kokhakokha, zulu zazikulu ngati nyumba, chitunda china umachita kutsika n'kumakankha. Nditafika pamwamba pa chitunda china ndinaona chinthu chimene ndinali ndisanachionepo: mizere ya mitengo yozikidwa, mawaya, ndi zomera zoyanga zamasamba obiriwira pamene tchire lonse linali louma. Unali munda wa mpesa. Ine mpesa ndinkangoumva kutchalitchi, sindinkadziwa kuti umamera m'dziko lino.

Mwini wake anali mzungu wokalamba, Mgiriki, wovala chipewa chong'ambika, amene ankakhala yekhayekha ndi galu wopunduka mwendo. Anandikodola, nandipatsa madzi, ndipo m'Chilapalapa chake chothyokathyoka, chilankhulo chija cha kumigodi, anandiuza kuti mbewuyo anabwera nayo kuchokera kwawo, kuti chiswe ndi mbalame zimamulanda chaka ndi chaka, ndiponso kuti papita nthawi yaitali chilankhulireni ndi munthu. Tinakhala pamthunzi, anthu awiri osamvana bwino chilankhulo, koma tonse osafuna kudzuka. Potsazikana anandipatsa botolo la vinyo wake wofiira. Ine ndine Mpresibiteriyani, sindimwa, koma mungakane bwanji mphatso ya nkhalamba imene ikugwetsa misozi? Chingwe chomangira pakeliyala ndinalibe, ndiye ndinalilowetsa m'malaya, pamimba.

Pobwerera ndinatenga njira ina yachidule. Panali mtsetse wautali wotsikira kumtsinje, mabuleki anga anali otha, ndipo pansi pake panali mchenga. Tayala lakutsogolo linazama, ine ndinauluka n'kukagwera pamwala, botolo lija phwaa! Sindinavulale kwenikweni, koma nditadzuka malaya onse ndi manja anali psuu, kufiira. Pamtsinjepo panali amayi akutunga madzi. Anandiyang'ana, anayang'ana pampu yanjinga imene inagwera pambali ndi kapaipi kake ka labala, ndipo mmodzi anakuwa mawu amene ngakhale ine ndinawamva: munyama!

Achinyamata simungadziwe. Masiku amenewo kunali mbiri ya banyama, amene kwathu mumati anamapopa: ankati ndi anthu akuda otumidwa ndi azungu, oyenda okhaokha, ovala bwino, ogwira anthu kutchire n'kuwapopa magazi ndi timapaipi ta labala. Tsono taganizani, mlendo wa malaya ofiira, wochokera kwa mzungu wokhala yekha, pampu ili poteropo. Ndipo chimene sindinkadziwa n'chakuti m'mudzimo munali mutasowa bambo wina amene anapita kukadula mitengo osabwerako.

Ndisanaimitse njinga amuna anali atafika ndi nkhwangwa ndi mikondo. Anandimanga ndi luzi pamtengo, kumanga kwake kofika pafupa. Chibemba changa chochepa chija chinathawa chonse, ndipo iwo ankalankhula Chilamba, mofulumira, onse nthawi imodzi. Mkazi wa wosowa uja anabwera n'kugwira malaya anga, n'kuyamba kulira maliro, akuti awa ndi magazi a mwamuna wake. Ndinaona ena akutola nkhuni. Dzuwa linali likuswa mtengo, kunja kuli mbee, ndipo chimene chinandiwawa koposa imfa n'chakuti palibe munthu padziko amene ankadziwa kumene ndapita. Ndikanapsa pamenepo, kuntchito akanangoti wathawira kwawo, ndipo mkazi wanga akanati ndinakwatira wina ku migodi. Ndinayamba kupemphera mokweza m'chilankhulo chathu, osati chifukwa cha kulimba mtima ayi, koma pakamwa panangotseguka pokha.

Pamenepo mayi wina wamsinkhu wapakati, wa korona m'khosi, anakankha anthu n'kuima patsogolo panga. Anandifunsa m'Chinyanja chomveka bwino kuti, "Achimwene, kwanu n'kuti, ndipo ichi chili pamalaya n'chiyani? Nenani zoona msanga, anthuwa sakuseka." Abale anga, mawu amenewo anandilowa ngati madzi ozizira. Ndinamuuza zonse. Iye anati ndi wa ku Fort Jameson, kufupi ndi malire a kwathu, anabwera ndi mwamuna wake woyamba amene anafera mumgodi, kenaka anakwatiwa m'mudzimo.

Anapita pamwala paja, natola tako la botolo limene munali mutatsala vinyo pang'ono, nanunkhiza. Anatembenukira anthu n'kuwauza kuti fungo ili akulidziwa, ndi la chakumwa chimene ansembe amathira m'chikho pa Misa, ndipo magazi sanunkha chotero, komanso magazi akauma amada pamene awa akupita kofiirira ngati nthudza. Bambo wina wa nkhwangwa anamuyankha kuti ngati akunena zoona amwe. Mayiyo sanazengereze, anamwa anthu onse akuona, nasiyako pang'ono n'kundimwetsa ine. Anthu anadikira kuti aone ngati tigwe kapena tisanduke chinachake. Kenaka mayiyo anatola pampu ija, nauza amuna kuti andimasule dzanja limodzi, ndipo ndinapopa tayala kuti aone kuti chinthucho chimatulutsa mpweya, sichikoka kanthu.

Anandimasula, koma palibe amene anaseka kapena kupepesa. Mkazi wa wosowa uja anangokhala pansi n'kumandiyang'ana. Mayi uja anandinong'oneza kuti ndisamuthokoze pamaso pa anthu, ndisathamange, ndisacheuke, ndikankhe njinga mpaka kuseri kwa chitunda. Ndinatero. Malaya ndinawavula n'kuwakwirira pachulu, ndipo ndinalowa mu Ndola dzuwa lisanalowe, wopanda malaya ngati wamisala.

Ndinadwala malungo, ndipo mantha anandigwira miyezi. Mvula itatha ndinalimba mtima, ndinagula nsalu yoti ndikapatse mayiyo, n'kutenga mnzanga wa Chibemba kuti andiperekeze. Pachitunda paja tinapeza mpesa wonse utadulidwa, mitengo yake itapsa, nyumba ya Mgiriki ilibe denga, ndipo za iye palibe amene anafuna kunena. Munthu wina wootcha makala amene tinakumana naye panjira anatiuza kuti wosowa uja sanapezeke, ndipo ine nditachoka tsiku lija anthu anayamba kunong'onezana kuti mayi wachilendo uja anamwa magazi osachita tsinya, ndiye kuti ndi mmodzi wa banyama. Akuti mwamuna wake anamusiya, ndipo anachoka m'mudzimo ndi kamtolo pamutu, kulowera kunjanji. Ndinamufunafuna m'makomboni a Ndola, ndinapalasa mpaka ku mgodi wa Nkana kufunsa Akatolika a kwawo, koma mungamupeze bwanji munthu amene dzina lake simukulidziwa? Nsaluyo ndinaisunga mpaka njenjete zinaidya.

Ngati banyama analikodi ine sindidziwa, ndipo sinditsutsa, pakuti bambo uja anasowadi ndipo mkazi wake ankalira zenizeni. Chimene ndikhulupirira lero n'chakuti anthu akagwidwa ndi mantha sasowa womupha, ndipo amayamba ndi amene alibe womulankhulira. Akapulumuka ameneyo, amagwira amene anamulankhulira. Choncho inu okonda kuyenda, musachoke pakhomo osauza munthu kumene mukupita, ndipo mukafika pamudzi wa eni tsikani panjinga, mupereke moni, akudziweni. Ndipo mukadzamva mfuu yakuti agwira mlendo, musayambe ndi kutola nkhuni. Yambani mwamufunsa kwawo, ndipo amene walimba mtima kumufunsayo musadzamusiye yekha mawa lake.